Tsiku Limene Kansingano Adakiya Masitepe

1. Opanda Denga

Mphepo ndiyo idayamba zonse. Idabwera Lachiwiri masana n'kusasula denga la sukulu ya kutsidya kwa njanji ngati munthu wovundukula poto. Palibe adafa, koma ana ambirimbiri adatsala opanda pophunzirira.

Patatha sabata, a hedi a sukulu ya kuno adaima pa asembule ndi kalata m'manja. Adawerenga kuti ana a kutsidya aziphunzira nawo kuno mpaka denga lawo litakonzedwa. Kumapeto kalatayo idati: "Tikudziwa kuti pakhala kuthithikana, koma pirirani."

Mawu oti "pirirani" adalowera khutu ili n'kutulukira linalo. Amene adatsala m'mitu mwa ana adali oti "kuthithikana". Aliyense adayamba kuwatchula. Wina akalephera samu, ndi kuthithikana. Wina akaipitsa mpweya, ndi kuthithikana. Alendowo adapatsidwanso dzina tsiku lomwelo: Opanda Denga.

Makalasi a ana akuluakulu adali m'zipinda zam'mwamba. Kukwera kumeneko kudali kudzera pa masitepe amodzi okha, opapatiza, okhota pakati. Pansi pa masitepewo padali chitseko cha zitsulo chokhala ndi loko wamkulu. Kiyi mmodzi ankasunga a hedi. Wina ankakhala pakhosi pa monita, pa chingwe chofiira, kuti azitsegulira osesa m'mawa.

Monitayo adali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu wotchedwa Kansingano. Dzinali adalipeza chifukwa cha kuonda kwake, koma lilime lakenso linkabaya.

Desiki yake ya anthu awiri idayamba kunyamula anayi. Pambali pake adamuikira mtsikana wa kutsidya wolemba ndi dzanja lamanzere. Kansingano akati alembe, zigongono zinkagundana, cholembera n'kuyenda chokha papepala. Tsiku lachitatu adapsa mtima n'kumubaya mnzakeyo ndi kampasi padzanja.

Mtsikanayo sadalire. Adapukuta kadontho ka magazi n'kunena kuti, "Iwe, m'malo mondibaya, bwanji tingosinthana? Ine ndikhale kumapeto uku, chigongono changa chizipita kunja."

Adasinthana, vuto n'kutha. Kansingano adachita manyazi mpaka m'makutu. Kuyambira tsiku limenelo ankamutcha Manzere, ndipo Manzere ankalawirira m'mawa kudzamuthandiza kusesa.

2. Lamulo la Chibakera

Kansingano adali ndi mchimwene wake m'kalasi momwemo. Mnyamatayo adabwereza kalasi kawiri mpaka mlongo wake adamupeza, ndipo zikadapitirira akadamupitirira. Ankatchedwa Chibakera, ndipo palibe ankafunsa chifukwa chake. Desiki yakumbuyo idali yake yekha kwa zaka zitatu, miyendo atatambasula ngati bwana. Tsopano adamuikirapo anyamata atatu, mmodzi mwa iwo wamtali ndi wofatsa, amene anzake a kutsidya ankamuti Nsanamira.

Lolemba m'mawa pakhoma la chimbudzi padapezeka mawu olembedwa ndi khala: KUTHITHIKANA KUTHE. Zilembo zake zidali zopendekeka, ndipo Kansingano adazizindikira asanafike pafupi.

Madzulo a tsikulo Kansingano ankasita yunifolomu kuseri kwa nyumba. Chibakera adabwera n'kuima pakhomo, kutseka kuwala konse.

"Lachitatu aphunzitsi ali ndi msonkhano m'mawa wonse," adatero. "A hedi akukatenga madesiki m'tauni. Opanda Denga amafika mochedwa chifukwa amachokera kutali. Athu akangokwera, iwe ukiye pansi."

"Ndikiye chifukwa chiyani, achimwene?"

"Kuti atsale pabwalo. Zinazo n'zathu."

"Mukufuna muwatani?"

"Kungowaopseza basi. Timiyala pang'ono, athawe, asabwerenso. Kapena iwe ukusangalala ndi fungo la m'khwapa mwa anthu?"

"Akandifunsa aphunzitsi ndidzati chiyani?"

Chibakera adayandikira n'kugwira chingwe chofiira chija. Adachipota pang'onopang'ono mpaka chidamulowa mlongo wake pakhosi.

"Udzati kiyi unataya. Tamvera, iwe. Chaka chatha anyamata aja akukuvutitsa kunjanji, anakumenyera nkhondo ndani? Dzino ili linaguluka chifukwa cha ndani? Lero ndikupempha kanthu kakang'ono, wayamba mafunso ngati wapolisi. Ndiwe mlongo wanga kapena ndiwe wa Opanda Denga?"

Adamusiya akutsokomola. Pa yunifolomu padali patapsa kale kachigamba ka simbi.

Za dzino zija zidali zoona, ndipo n'zimene zidamuvuta Kansingano. Mchimwene wake adali wankhanza, koma adali wake.

3. Mwendo wa a Kalipentala

Lachiwiri pa nthawi yopuma, mayi aphunzitsi adatuma Kansingano kukasiya mpando wothyoka kwa a kalipentala. Awa adali bambo wokalamba, wotsimphina, amene ankagwira ntchito m'kashedi kuseri kwa makalasi. Chibwerereni alendo, ntchito idawachulukira. Ankadula matabwa akale n'kumalumikiza kumapeto kwa madesiki kuti atalikeko.

"Ika apo, mwanawe," adatero osadzutsa mutu. "Nkhope yagwa bwanji? Mpandowu unathyola ndiwe?"

"Ayi, agogo. Ndi kuthithikanaku."

A kalipentala adalavula misomali iwiri imene idali pakamwa pawo n'kumuyang'ana.

"Nawenso wayamba nyimbo imeneyi? Ndaona pakhoma paja. Tandiuza, mawu amenewa amatanthauza chiyani?"

"Kuti anthu achuluka."

"Wanena theka. Khala pansi apo, utuchi suluma."

Kansingano adakhala pa thabwa.

"Ine mawu amenewa ndimawadziwa ndi mwendo uwu, osati ndi buku," adatero a kalipentala. "Kuthithikana ndi pamene anthu ali ambiri pamalo ochepa mpaka wina kusowa potembenukira. Wamva? Muli zinthu ziwiri m'menemo, anthu ndi malo. Wanzeru akamva kuti tathithikana amayang'ana malo. Amafunsa kuti tikuze pati, titsegule pati, tisinthane bwanji. Chitsiru chimayang'ana anthu n'kuyamba kuwerenga oti achoke. Ndipo powerengapo chimayambira pa mnzake, sichidziwerenga chokha. Ndakalamba chonchi sindinamvepo munthu akuti, 'Muno tachuluka, ndiye woonjezera ndine, tsalani bwino.' Kwanu muli angati?"

"Asanu ndi awiri."

"Zipinda?"

"Ziwiri."

"Ndiye mwathithikanatu. Tichotse ndani? Iwe kapena kamng'ono kako?"

Kansingano adaseka pang'ono, koma kuseka kwake kudathera panjira.

"Akulu adati kuchulukana n'kwabwino, kuipira kutha ndiwo m'mbale," adapitiriza a kalipentala. "Adadandaula za ndiwo, sadati wina aphedwe. Tsono tamvera za mwendowu. Ndili mnyamata ndidapita kukaonera mpira ndi mng'ono wanga. Bwalo lidadzaza tho. Mlonda wina ataona kuti anthu akulowabe, adati akwana, n'kukiya geti. Iye ankaganiza za akunja. Adaiwala kuti khomo lotsekera akunja ndi lomwelo lotulukira am'kati. Kenaka kudagwa matalala, tonse n'kuthamangira pageti. Akumbuyo sankadziwa kuti n'kokiya, ankangokankha. Akutsogolo ankafuna kukuwa, koma ukuwa ndi mpweya uti? Mwendo wanga udalowa m'zitsulo n'kuthyoka pawiri. Mng'ono wanga adafa chiimire, mwanawe. Sadagwe, poti panalibe pogwera."

Adatola hamala n'kuiyang'ana ngati ndi yachilendo.

"Ndidaphunzirapo ziwiri. Choyamba, khomo limene kuseri kwake kuli anthu silikiyidwa, kaya wakutuma ndi ndani. Chachiwiri, gulu likapanikizana silimasulidwa kutsogolo. Akutsogolo alibe mphamvu. Umapita kumbuyo n'kumakoka mmodzimmodzi, monga timasulira mfundo. Kiyi uli nayeyo si mkanda, mwanawe. Anakupatsa kuti uzitsegula."

Kansingano adaika dzanja pachifuwa pomwe padali kiyi. Pakamwa pake padatseguka kuti anene zonse. Belu lidalira, iye n'kudzuka.

"Zikomo, agogo," adatero, nathamanga.

Pamenepo ndi pamene adalakwitsa koyamba. Munthu wamkulu adali pomwepo, makutu ali tcheru, iye n'kusankha kukhala chete.

4. Loko

Lachitatu Manzere adafika m'mawa monga mwa masiku onse, tsache lili m'manja.

"Lero usatsikenso pansi," adamuuza Kansingano. "Ukhale m'kalasi."

"Bwanji?"

"Ndangotero. Kunja kuli fumbi."

Mumtima mwake ankadziona wochenjera. Mchimwene wake amusangalatsa, mnzake amubisa m'mwamba, onse awiri apindula.

Ana a kuno adakwera m'magulumagulu. Anyamata a Chibakera adakwera pomaliza, zikwama zikuwalemera modabwitsa kwa anthu osakonda mabuku. Mudali zidutswa za njerwa. Chibakera podutsa adamugunda mlongo wake ndi phewa.

Kansingano adasuzumira pabwalo. Aphunzitsi onse adali m'chipinda chawo, kutali, kuseri kwa bwalo la masewero. Kugeti lalikulu Opanda Denga adali atayamba kulowa, fumbi lili mbuu kumapazi. Adakoka chitseko, nakankha mpiringidzo, nakoleka loko. Loko adati khatha. Adakwera masitepe osacheuka.

Opanda Denga adafika pachitseko n'kuchigwedeza. "Monita! Tatitsegulireni, tachedwa!" Adasonkhana pansi pa khonde lam'mwamba, ena akuseka, poganiza kuti ndi chilango cha ochedwa.

Chibakera adaimba mluzu.

Njerwa zidatsika ngati matalala. Yoyamba idamenya kamtsikana paphewa, mabuku ake n'kumwazika. Ina idaphwanya botolo la madzi m'manja mwa mnyamata. Kudali kulira ndi kuthawa balalabalala. Nsanamira adawerama kuti adzutse kamtsikana kaja, ndipo Chibakera adamulinga bwinobwino ndi theka la njerwa. Lidamupeza pamwamba pa diso. Magazi adatsika chuchuchu mpaka kolala ya malaya idafiira psuu.

"Kwanu! Kwanu!" ankakuwa anyamata a pakhonde. "Mwatithithika mokwana!"

Koma Chibakera adali atawerenga molakwa, monga ankachitira ndi samu. Opanda Denga sadathawe. Adabwerera m'mbuyo pang'ono, natola njerwa zomwezo, naonjezera miyala ya m'mbali mwa maluwa. Ndiye miyala idayamba kukwera.

Galasi loyamba la pazenera lidati phwaa. Lachiwiri lidamwazikira pa madesiki, n'kucheka mtsikana wina patsaya. Ana adabisala pansi pa madesiki akulira. Miyala ina idapitirira khonde n'kugwera pa malata. Denga lonse lidayamba kulira, gugugu, ngati likung'ambika.

Manzere adali atalimvapo phokoso limenelo. Tsiku la mphepo lija adali m'kalasi, pansi pa denga limene lidauluka. Adaimirira maso ali tong'o, manja ali kumutu.

"Denga! Denga likugwa! Thawani!"

Adatuluka ngati muvi. Kansingano adayesa kumugwira malaya, koma adangotsala ndi batani m'manja. Mawu aja adalumpha kalasi ndi kalasi, ndipo makalasi anayi onse adakhuthukira pa masitepe amodzi aja. Woyamba kufika pachitseko chokiya adali Manzere.

5. Pa Masitepe

Kansingano adafika pamwamba pa masitepe n'kupeza padzaza kale. Adayesa kudzipanikiza kuti atsike, koma ngakhale iye, woonda ngati nsingano, sadapeze polowa. Akumbuyo ankakankha ndi mapewa ndi mawondo. Pokhota paja ana adali atagwerana, ena pamwamba pa anzawo. Kuchokera pansi kunkamveka kulira kwa zitsulo, ndi mawu ena ang'onoang'ono ngati a ana a mphaka.

"N'kokiya!" adakuwa. "Musakankhe, n'kokiya!"

Palibe adamva.

Adathamangira pakhonde n'kusuzumira pansi. Opanda Denga adali atasiya kugenda. Adaima kakasi, akuyang'ana chitseko. M'mipata ya zitsulo mudatuluka manja ambiri, akugwira mphepo. Dzanja lina lidali ndi kachipsera ka kampasi, ndipo silinkagwedera ngati enawo.

Kansingano adavula chingwe chofiira pakhosi. Asanatambasule mkono, Chibakera adamugwira dzanja.

"Ukufuna utani?"

"Ndiwaponyere atsegule! Anthu akufa, achimwene!"

"Wapenga? Ukawapatsa kiyi akwera kuno atiphe. Waona m'mene ndamuchitira uja?"

"Ndisiyeni!"

Chibakera adamupotokola mkono mpaka kumsana. Kenaka adamuwomba khofi limene lidamugwetsera pa chipupa cha khonde. M'kamwa mwa Kansingano mudadzaza magazi, koma kiyi sadamutaye. Mchimwene wake adawerama kuti amufumbatule zala. Pamenepo Kansingano adamuluma padzanja, osati kuluma kwa masewera. Adaluma mpaka mano adakumana ndi fupa.

Chibakera adabangula n'kumusiya. Kansingano adadzuka, natsamira chipupa.

"Nsanamira! Wakha!"

Kiyi adauluka, chingwe chofiira chikumutsata. Nsanamira adapukuta magazi m'diso n'kumuwakha ndi dzanja limodzi. Adayang'ana kiyiyo, nayang'ana m'mwamba, kwa anthu amene adamung'amba nkhope. Anzake ena adakuwa kuti, "Asiye, adziwe!" Iye sadawamvere. Adathamangira kuchitseko.

Loko adali m'kati. Nsanamira adapisa dzanja pakati pa zitsulo ndi matupi, nafufuza mpaka adamupeza. Loko adatseguka, koma mpiringidzo udakana. Kulemera kwa anthu kudali kutaupanikiza. Adaukoka mpaka zala ziwiri zidalowa pakati pa zitsulo n'kuphwanyika. Adakuwa, koma sadachotse dzanja.

A kalipentala adatulukira akutsimphina mothamanga, hamala ili m'manja. Adamenya mpiringidzo kawiri, osasuntha. Adakweza mutu n'kumuona Kansingano pakhonde.

"Kumbuyo, mwanawe! Kumbuyo!"

Kansingano adakumbukira za mfundo. Adatola tsache la Manzere limene lidagwa pakhomo la kalasi, nathamangira pamwamba pa masitepe. Adagwira mnyamata womalizira pakolala n'kumukokera m'mbuyo mpaka adagwa chagada. Adakoka wachiwiri. Wachitatu adamumenya chigongono pamphuno, iye n'kumubwezera ndi mpini wa tsache pamsana.

"Denga silikugwa! Bwererani! Koka mnzako! Iwe, koka uyo!"

Atsikana awiri adamumva n'kuyamba kukoka nawo. Kenaka anyamata ena, ngakhale ena amene zikwama zawo zidali ndi fumbi la njerwa. Ankakoka malaya, malamba, tsitsi, chilichonse chogwirika. Sitepe imodzi idaoneka, kenaka yachiwiri. Pokhota paja adazula kamnyamata kamene nsapato zake zidatsala pansi pa anzake.

Pansi hamala idalira kachitatu. Mpiringidzo udasolokoka, chitseko n'kutsegukira kunja, ana n'kukhuthukira pabwalo ngati matumba ogwa m'lole. Opanda Denga ndiwo ankawanyamula n'kumawagoneka pamthunzi.

Aphunzitsi adafika ali wefuwefu, zonse zitatha.

Kansingano adatsika masitepe odzaza nsapato, mabatani ndi makope opondedwa. Ana ambiri ankatsokomola ndi kulira, kusonyeza kuti ali moyo. Mmodzi yekha sankalira. Manzere adali thapsa pafupi ndi chitseko, milomo itada, pankhope pali mizere ya zitsulo. Mkono wake wamanzere udali utapindikira kumene mkono supindikira.

A kalipentala adagwada n'kuika khutu pachifuwa pake. "Akupuma, koma pang'ono. Galimoto, msanga!"

Pomunyamula, a kalipentala adadutsa pafupi ndi Kansingano. Adayang'ana pakhosi pake popanda chingwe. Kuyang'ana kwawoko kudamupweteka kuposa khofi la mchimwene wake.

6. Malo Apezeka

Sukulu idatsekedwa masiku awiri. Ana asanu ndi anayi adagonekedwa m'chipatala. Manzere adathyoka nthiti zitatu ndi mkono, ndipo madokotala sadalonjeze kuti dzanja limenelo lidzagwiranso cholembera.

Kunyumba Chibakera adauza mayi awo kuti adalumidwa ndi galu. Za mlomo wotupa wa Kansingano adati adagwa pa masitepe. Atatsala awiri adamuuza nkhani imene anyamata ake adagwirizana.

"Kiyi anapezeka m'manja mwa ndani? Mwa Nsanamira. Aliyense anaona. Ndiye anakubera iyeyo, anakiya iyeyo, kuti atitsekere m'mwamba atigende bwino. Iwe ungoti kiyi anasowa Lachiwiri. Ukanena zina, ine andichotsa sukulu, mwinanso kundimanga. Amayi adzafa ndi mtima, ndipo wowapha udzakhala iwe."

Lolemba makalasi adatsegulidwa. M'mazenera adamatamo makatoni. Chitseko cha zitsulo chija a kalipentala adali atachizula ndi mahinjesi omwe, osapempha chilolezo kwa munthu.

Opanda Denga ambiri sadabwere. Makolo awo adawaletsa. Kalasi idali pepu, mphepo ikuyenda bwinobwino. Kumbuyo Chibakera adatambasula miyendo pa desiki yake yekha, dzanja lili m'bandeji.

Kansingano adakhala pamalo pake. Kumanzere kwake kudali thabwa lalitali limene a kalipentala adalumikiza, lopanda munthu. Adaika kope, natambasula zigongono zonse ziwiri, osagunda aliyense. Malo amene ankawalirira aja adali atapezeka. Adayesa kulemba deti, koma misozi idagwera papepala n'kufufuta inki.

Chitseko chidatseguka. Adalowa a hedi, pambuyo pawo wapolisi wamkazi, kenaka Nsanamira, mutu ndi dzanja zili m'mabandeji. Pomaliza adalowa bambo ake a Nsanamira, atavala ovolosi ya kuntchito, chipewa chili m'manja.

A hedi adakweza kiyi wa chingwe chofiira.

"Ana asanu alemba kuti mnyamata uyu anaba kiyi n'kukiya masitepe," adatero. "Iye akukana, koma sakunena amene anamupatsa. Ngati ndi zoona, apita ndi apolisi lero. Monita, imirira. Kiyi uyu anasowa liti?"

Nsanamira sadamuyang'ane n'komwe, adangozolika. Kumbuyo Chibakera ankagogoda desiki ndi chala, pang'onopang'ono, kuti mlongo wake amve kuti alipo.

Kansingano adaimirira. Adagwira thabwa lopanda munthu lija.

"Sanasowe, a hedi. Ndinakiya ndine, ndi manja angawa. Nsanamira ndinachita kumuponyera kuti atsegule. Zala zakezo anaphwanyika akutipulumutsa."

Bambo ake a Nsanamira adaphimba nkhope ndi chipewa. Kugogoda kwa kumbuyo kuja kudasiya.

Wapolisi adatsegula kabuku kake n'kuyandikira. Adayang'ana mlomo wotupa wa Kansingano, kenaka mzere wakuda umene chingwe chidasiya pakhosi pake.

"Mwana ngati iwe sungadzuke m'mawa n'kuganiza wekha zokiyira anzako," adatero mofatsa. "Anakutuma ndani?"

Kumbuyo kwa kalasi desiki idakhululuka pa simenti. Chibakera adali ataimirira.